Katundu Wokana Msewu Amayenda Pamadzi

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono. Pamveke madzi akukhavukira m'mbali mwa bwato.)

WOULUTSA:   Lero tikwera boti, koma tisanafike padooko tiyambe tadzera kuchitsime.

Amayi amene munatungapo pachitsime chakuya ndi ndowa ya chingwe mudziwa chimene ndikunena. Ndowa ija ikadzaza, ikadali m'madzi, mumaikoka ndi dzanja limodzi uku mukucheza ndi mnzanu. Koma ikangovuuka, pomwepo msana umamva. Ndowa ndi yomweyo, madzi ali m'katimo ndi omwewo. Chasintha n'chiyani? Poyamba paja munali ndi wokuthandizani kusenza, ndipo wokuthandizaniyo anali madzi a m'chitsimemo. Asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi nawonso amazidziwa: bwato lodzaza usipa, limene amuna anayi angalephere kulisuntha pamchenga, mwana amalikankha ndi phazi likakhala pamadzi.

Mgiriki wina wakale, Archimedes, anafotokoza chinsinsi chimenechi zaka zoposa 2,000 zapitazo. Chinthu chikalowa m'madzi, madziwo amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha pamalo pawo. N'chifukwa chake msomali umamira koma beseni lachitsulo limayandama. Beseni ndi lotambalala, limasuntha madzi ambiri, ndiye madzi nawo amalinyamula ndi mphamvu zambiri.

Tsono pali anthu amene anatenga nzeru ya beseniyi n'kumangirapo chuma cha mayiko awo. Amagwiritsa ntchito zombo ziwiri. Choyamba ndi chingalawa chachitsulo, chafulati kunsi, chopanda injini, chopanda chiwongolero, chopanda ngakhale munthu wogonamo. Pachingerezi amachitcha barge. Akuluakulu amene munawolokapo mtsinje pa pantoni milatho isanachuluke, chithunzi chake muli nacho. Chachiwiri ndi boti lochepa thupi koma la mainjini amphamvu zedi, lija amalitcha tugboat. Ilo silinyamula katundu ndi thumba limodzi lomwe. Ntchito yake ndi kukoka kapena kukankha basi. Tinganene kuti chingalawa ndi ngolo, boti ndi ng'ombe. Kungoti pa mtsinje umene tikupitawu, ng'ombe imayenda kumbuyo kwa ngolo.

(Kulira kwa injini ya boti chapatali, kenako hutala kamodzi.)

WOULUTSA: Tafika pa Mississippi, ku America. Mtsinje umenewu ndi wautali makilomita oposa 3,700. Umayambira kumpoto, ku Minnesota, n'kukathira m'nyanja ya mchere kumunsi kwa mzinda wa New Orleans. M'njiramo umalandira mitsinje ina ikuluikulu monga Illinois, Missouri ndi Ohio, ndipo umadutsa pakati peni peni pa minda ya chimanga ndi soya ya dzikolo. Chimanga ndi soya zimene America amagulitsa kunja, zoposa theka zimatsika ndi mtsinje umenewu. Pobwerera kumtunda zingalawa zija siziyenda chabe: zimasenza feteleza, mchere, simenti ndi zitsulo. Malasha ndi mafuta nazo zimayenda m'njira yomweyi.

Chingalawa chimodzi cha pa Mississippi ndi chachitali mamita pafupifupi 59, m'lifupi mamita pafupifupi 11, ndipo chimanyamula matani pafupifupi 1,500. Tiwerengere m'matumba a makilogalamu 50, amene tonse timawadziwa. Ndi matumba 30,000. Thiraki ya matani 30 iyenera kubwera maulendo 50 kuti idzaze chingalawa chimodzi chokha.

Koma boti silikankha chimodzi. Kumtunda kwa mzinda wa St. Louis limakankha zingalawa 15 pakamodzi, zitatu m'lifupi, zisanu m'litali. Amenewo ndi matumba 450,000, kapena mathiraki 750. Taganizani mathiraki 750 atandandana pamsewu wa M1, utsi, phokoso ndi maenje amene angasiye. Pamtsinje katundu yense uja amayenda ndi boti limodzi ndi anthu pafupifupi khumi. Kutalika kwa mdipiti wonsewo, kuphatikiza boti, ndi mamita pafupifupi 350, kuposa mabwalo atatu a mpira wamiyendo mutawalumikiza. Kumunsi, kupitirira tauni ya Cairo kumene Ohio amathira mu Mississippi, mtsinje ndi wotakata, ndiye boti limodzi limakankha zingalawa 30 ngakhale 40. Ndipo si zalero. M'chaka cha 1907, sitima yoyendera nthunzi yotchedwa Sprague inakankha zingalawa 60 za malasha, matani oposa 60,000, ulendo umodzi.

Mwina wina akufunsa kuti, bwanji osangozikoka ndi chingwe monga timakokera galimoto yowonongeka? Madalaivala amene munakokapo galimoto pamtsetse mukudziwa vuto lake: wokokedwayo akapanda mabuleki, amakugundani kumbuyo. Chingalawa chilibe buleki. Komanso mtsinje ndi wokhotakhota. Zingalawa zokokedwa pachingwe zimapita uku ndi uku ngati mchira wa ng'ona, n'kukamenya gombe kapena mzati wa mlatho. Ndiye amazimanga zonse pamodzi ndi mawaya achitsulo onenepa, n'kumangitsa kwambiri mpaka zonse 15 zisanduke thupi limodzi. Boti, limene kutsogolo kwake ndi kwafulati ndipo kuli nsanamira ziwiri zachitsulo zokankhira, limadzagunda kumbuyo n'kumangiriridwa pomwepo. Zikatero kaputeni akapotoza chiwongolero, mdipiti wonse umamvera ngati sitima imodzi. Panyanja ya mchere ndi pamene amakoka ndi chingwe chachitali, chifukwa mafunde a kumeneko angadule mawaya aja.

Tiyeni tikhale nawo usiku umodzi anthu a m'botimo. Iwo amagwira ntchito maola 6, n'kupuma maola 6, usana ndi usiku, pafupifupi mwezi wathunthu asanapite kwawo. Boti siliima kuti anthu agone. Mafuta ndi zakudya zimawapeza pamadzi pomwepo ndi maboti ang'onoang'ono. Ndiye pakati pa usiku mnyamata wa pazingalawa amadzuka, kuvala jekete yoyandamitsa, kutenga tochi ndi wailesi yolankhulirana, n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa zingalawa. Kanjira kake n'kochepa, kumbali kuli madzi akuda bii. Waya aliyense amamuponda kuti amve ngati wakhwepa, chifukwa waya wokhwepa ndi amene amaduka, ndipo waya akaduka amakwapula ngati chikoti chotha kuthyola mwendo. Amatsegula tizivundikiro n'kuunika m'kati kuti aone ngati madzi akulowa. Akamafika kutsogolo kwenikweni, injini ija ili mamita 300 kumbuyo, siimvekanso. Chimene amamva ndi madzi okha akuphwanyika pachitsulo, ndi achule kugombe. Pofika pamalo opanikiza, iyeyo ndiye maso a kaputeni: amamuuza pawailesi mtunda umene watsala kuti mutu wa zingalawa ukhudze khoma.

Luso la kaputeni limaonekera pokhota, makamaka potsika ndi madzi. Inu apanjinga onyamula makala mukudziwa kuti chitunda chimatopetsa koma mtsetse ndi umene umapha. Pamtsinje n'chimodzimodzi. Wokwera mtsinje akachepetsa moto, madzi amamuimitsa okha. Wotsika alibe womuimitsa. Ndiye akayandikira pokhota kwambiri, kaputeni amabweza injini m'mbuyo mpaka mdipiti wonse uziyenda mofanana ndi madzi, kapena kucheperapo. Kumbuyo amakugwira, kutsogolo amakusiyira mtsinje kuti ukukankhe pang'onopang'ono mpaka mutu uloze kumene njira ikupita. Akaona kuti walunjika, ndi pamene amaponda moto. Salimbana nawo mtsinje, amaubwereka mphamvu. Pa chifukwa chomwechi, lamulo la pa mitsinje imeneyi limati maboti awiri akamakumana pamalo opanikiza, wotsika ndi madzi ndiye mwini njira, wokwera ayambe wadikira.

Liwiro lake? Pokwera mtsinje, munthu wapanjinga akhoza kulipitirira boti n'kulisiya. Koma akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Wapanjinga uja dzuwa likalowa agona, boti likadayendabe.

(Nyimbo yapakati, yachidule.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za maboti okankha zingalawa za katundu wolemera pa mitsinje ndi ngalande. Tsopano funso ndi ili: madzi amatsika kuchokera kumtunda, nanga katundu wa matani zikwizikwi amakwera bwanji phiri?

Pakati pa mzinda wa Minneapolis ndi dera la St. Louis, Mississippi amatsika mamita oposa 120. Kalekale m'chilimwe madzi ankachepa moti malo ena munthu ankatha kuwoloka wapansi. M'chaka cha 1930 boma la America linakhazikitsa lamulo lakuti njira ya maboti ikhale yakuya mafiti 9, amene ndi mamita 2.7. Anatchinga mtsinje ndi madamu, n'kuusandutsa masitepe a madzi, ndipo pambali pa damu anamangapo chipata cha maboti. Zipata zimenezi zinamangidwa pa malo 29, zambiri m'zaka za m'ma 1930.

Chipatacho chili ngati chipinda chachitali cha konkire, chokhala ndi zitseko zachitsulo mbali zonse ziwiri. Boti lochokera kumunsi limalowa, chitseko cha kumbuyo n'kutsekedwa. Kenako amatsegula mipita ya pansi, madzi a kumtunda n'kuyamba kulowa okha. Madzi akamakwera, zingalawa nazo zimakwera, mpaka zifanane ndi madzi a kumtunda. Chitseko cha kutsogolo chimatseguka, ulendo n'kupitirira. Palibe pampu, palibe chikepe chonyamulira. Madzi ofuna kutsika ndi amene akweza katundu.

Koma pali vuto. Zipata zambiri za kumeneko ndi zazitali mamita 183, pamene mdipiti uja ndi wa mamita 350. M'lifupi chipata ndi mamita 33.5, zingalawa zitatu ndi mamita 32, ndiye mpata wotsala ndi mita imodzi ndi theka basi, mbali zonse ziwiri kuphatikiza. Zili ngati kulowetsa ulusi pasingano, koma ulusi wake wolemera matani 22,500. Choncho amalowetsa zingalawa 9 zoyamba, kumasula mawaya, boti n'kubwerera m'mbuyo ndi 6 zotsala. Zoyambazo zikakwera amazitulutsa ndi chingwe cha makina a pagombe. Kenako madzi amatsitsidwanso, boti n'kulowa ndi zotsala zija, n'kukamanganso mawaya onse, kaya mvula ikugwa kaya kukuzizira chotani. Pa chipata chimodzi pamatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, ena ali pamzere kudikira.

Nzeru ya zipata ndi ngalande zokumba ndi yakale kuposa injini za dizilo. Ngalande ya Erie, ya makilomita 584, yolumikiza Albany ndi Buffalo, inatsegulidwa mu 1825. Zingalawa zake zinkakokedwa ndi mahatchi ndi nyulu zoyenda m'kanjira ka m'mphepete. Mtengo wonyamulira katundu panjirayo unatsika kwambiri, ndipo zimenezi zinathandiza mzinda wa New York kukhala doko lalikulu la dzikolo.

(Phokoso la zitsulo ndi unyolo, mwachidule.)

WOULUTSA: Chimanga ndi feteleza mukhoza kuzigawa m'matumba n'kukweza m'mathiraki, ngakhale zikhale zodula. Koma pali katundu wina wosagawika: mathiransifoma akuluakulu a magetsi, mathanki a m'mafakitale, zigawo za milatho. Ameneyo ndiye katundu wokana msewu. Ndikupatseni zitsanzo ziwiri.

Choyamba chikuchokera ku Germany. M'chaka cha 2006, m'tauni ya Deggendorf, m'mbali mwa mtsinje wa Danube, amisiri anamaliza kupanga chithanki chachitsulo cholemera matani pafupifupi 200, chachitali mamita oposa 20, chonenepa mamita pafupifupi 10. Chinali cha kafukufuku wa sayansi wotchedwa KATRIN, wofuna kupima kulemera kwa kanthu kochepetsetsa kotchedwa neutrino. Chinkafunika ku Karlsruhe, mtunda wa makilomita pafupifupi 400, kungoposa pang'ono ulendo wa Lilongwe kukafika ku Mzuzu. Koma pamsewu sichikanadutsa, ndipo ngalande yolumikiza Danube ndi Rhine nayo inachichepera. Ndiye anatani? Anachikweza pachingalawa n'kutsika ndi Danube, kuloza kum'mawa, kosiyana ndi kumene chinkapita, mpaka ku nyanja ya Black Sea. Kumeneko chinalowa m'sitima yaikulu, kudutsa nyanja ya Mediterranean, kuzungulira Spain ndi France, kenako kukwera mtsinje wa Rhine. Ulendo wa makilomita 400 unasanduka wa makilomita pafupifupi 9,000, ndipo unatenga miyezi iwiri. Mu Novembala chaka chomwecho chinatsitsidwa pamudzi wa Leopoldshafen, n'kuyenda makilomita ochepa otsala pa ngolo ya matayala ambirimbiri, chikudutsa pakati pa nyumba mongotsala pang'ono kukhudza madenga, khamu la anthu likuonerera. Njira yaitali ndi imene inali yachidule.

Chachiwiri chikuchokera ku America konkuja. Bungwe la NASA limapanga thunthu la roketi yake yopita kumwezi, yotchedwa SLS, pa fakitale ya Michoud ku New Orleans. Thunthulo ndi lalitali mamita 65. Malo oulutsira ali ku Kennedy Space Center, ku Florida, mtunda wa makilomita oposa 1,400 pamadzi. Limayenda m'chingalawa chofoleredwa chotchedwa Pegasus, chimene anachita kuchiwonjezera kutalika mpaka mamita 94 kuti likwanemo. Pegasus sichidziyendetsa chokha. Maboti ndi amene amachikoka ndi kuchikankha. Thunthu loyamba linafika ku Florida mu Epulo 2021, ndipo roketiyo inauluka pa 16 Novembala 2022 pa ulendo wa Artemis I. Chombo chothamanga kuposa chipolopolo chinayamba ulendo wake wa kumwezi pa liwiro la njinga ya kabaza.

(Nyimbo yapakati.)

WOULUTSA: Omvera athu, mpaka pano zikumveka ngati madzi amagwira ganyu yaulere. Ayi ndithu. Walira mvula walira matope. Mtsinje umalipiritsa, ndipo ndalama yake ndi kuya kwa madzi.

Tiwerengenso limodzi. Chingalawa chija chikamira sentimita imodzi yokha, ndiye kuti chasenza matani oposa 6. Tsono mtsinje ukaphwa ndi masentimita 30, kutalika kwa rula ya mwana wasukulu, mwini katundu ayenera kutsitsa matani pafupifupi 190 m'chingalawa chilichonse kuti chisakhule pansi. Amenewo ndi matumba 3,800. Mafuta a boti ndi omwewo, malipiro a antchito ndi omwewo, koma katundu wachepa.

Zimenezi zinaoneka mu Okutobala 2022. Chilala chitagwa, madzi a Mississippi pa mzinda wa Memphis anatsika kuposa kale lonse chiyambire kupima. Zingalawa zinatitimira mumchenga, njira inatsekedwa malo ena, ndipo nthawi ina zingalawa zoposa 2,000 zinali pamzere kudikira. Inali nyengo yokolola, ndiye mtengo wonyamulira unakwera koopsa, alimi n'kulandira zochepa pa mbewu zawo. Chaka chotsatira, 2023, madzi pa Memphis anatsikanso kuposa pamenepo. N'chifukwa chake nthambi ya asilikali odziwa zomangamanga, yotchedwa Army Corps of Engineers, imakhalira kukumba mchenga pansi pa mtsinjewo chaka ndi chaka. Mukasiya kukumba, mtsinje umabweza mchenga wake.

Ku Ulaya nako, pa Rhine, maboti amakankha zingalawa zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi za miyala ya chitsulo ndi malasha kuchokera ku doko la Rotterdam kupita ku mafakitale a zitsulo a ku Duisburg. Mu 2018 mvula itavuta, chopimira madzi cha pa tauni ya Kaub chinatsika kufika pa masentimita 25. Zombo zinkayenda ndi kagawo chabe ka katundu wake. Fakitale yaikulu ya mankhwala ya BASF ku Ludwigshafen inachepetsa ntchito, ndipo malo ena omwetsera mafuta anauma. Dziko lolemera ngati Germany linagwada chifukwa cha masentimita.

Ngozi nazo zilipo. Pa 22 Seputembala 1993, usiku wa nkhungu, boti lotchedwa Mauvilla linasochera n'kulowa m'kamtsinje kolakwika pafupi ndi mzinda wa Mobile, ku Alabama. Chingalawa chimodzi chinagunda mlatho wa njanji n'kupotoza njanjiyo. Patangopita mphindi zochepa sitima ya anthu inafika, n'kugwera m'madzi. Anthu 47 anafa. Pambuyo pake malamulo anakhwimitsidwa, makamaka pa maphunziro a oyendetsa maboti ndi zida zoonera njira mumdima.

Rhine ali ndi phunziro linanso. Mtsinjewu umakhudza mayiko angapo, ndipo kale mfumu iliyonse ya m'mbali mwake inkatchinga njira n'kumalipiritsa msonkho. Mu 1815 mayiko anagwirizana zokhazikitsa bungwe loyang'anira maulendo a pamtsinjewo, limene lilipo mpaka lero ndipo likulu lake lili ku Strasbourg. Mu 1868, pa pangano la ku Mannheim, anatsimikiza kuti zombo ziziyenda mwaufulu. N'chifukwa chake dziko la Switzerland, lopanda nyanja ya mchere ngati lathu lino, lili ndi doko ku Basel kumene kumafika katundu wochokera ku Rotterdam.

(Ng'oma mwachidule, kenako phokoso la mtsinje.)

WOULUTSA: Mwina ena mwayamba kale kuganiza za Shire. Mwaganiza bwino, chifukwa nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Njanji ndi misewu ya tala zisanabwere, khomo la dziko lino linali mtsinje.

Mu 1859 David Livingstone anakwera Shire ndi sitima yotchedwa Ma Robert mpaka mathithi a Kapichira anamuimitsa. Mu 1875 amishoni a Livingstonia, pakati pawo Robert Laws, anafika pamathithi omwewo ndi sitima ya Ilala yoyamba ija. Anaimasula zidutswazidutswa, makolo athu mazanamazana n'kuisenza pamutu ndi pamapewa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, mpaka kumtunda kwa mathithi kumene anakailumikizanso. Inalowa m'nyanja ya Malawi mu Okutobala chaka chomwecho. Pamene madzi analephera, msana wa munthu ndi umene unalipira.

Kuyambira mu 1891 Angerezi anabwereka malo pa Chinde, pamathiriro a Zambezi, ndipo sitima za nthunzi za kampani ya Mandala ndi makampani ena zinkayenda pakati pa Chinde, Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndi Chiromo, zitamangirira zingalawa za katundu m'mbali. Chinathetsa malonda amenewa n'chiyani? Masentimita omwe aja. Nyanja ya Malawi inatsika, Shire anaphwa, sitima zinayamba kutitimira. Njanji ya Port Herald kukafika ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908, koma posakhalitsa ngakhale pa Port Herald sitima zinkalephera kufika miyezi yambiri, ndiye mu 1915 njanji inatalikitsidwa mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Kuyambira chaka chimenecho mpaka cha m'ma 1935, madzi otuluka m'nyanja kulowa mu Shire anachita ngati aleka. Mu 1922 njanji yochokera ku Beira inafika kutsidya kwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana unalumikiza mbali ziwirizo. Kuyambira pamenepo ntchito ya sitima za pa Shire inachepa kwambiri.

Maloto a njira ya pamadzi anadzukanso m'nthawi yathu. Pa 23 Okutobala 2010, pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Chingalawa cha feteleza chimene anthu ankachiyembekezera sichinafike. Boma la Mozambique linachiimitsa, likunena kuti payambe pachitika kafukufuku woona ngati njirayo ndi yotheka komanso mmene ingakhudzire chilengedwe. Zaka zadutsa, ndipo zingalawa za katundu sizinayambe kukocheza padokopo.

Ife pano sitikuweruza mlandu wa ndale. Koma zimene taona pa Mississippi ndi pa Rhine zikutipatsa mafunso oyenera kufunsa nthawi iliyonse nkhaniyi ikabukanso. Kodi mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa litaswa mtengo, madzi amakhala akuya bwanji pamalo osaya kwambiri? Pajatu njira yonse imayezedwa ndi malo amodzi osayawo. Kodi mchenga ndi namasupuni azichotsa ndani chaka ndi chaka, ndipo ndalama yake ichokera kuti? Kodi chingalawa chobweretsa feteleza chibwerera ndi chiyani, shuga, nandolo kapena mphepo? Kodi asodzi ndi alimi a m'madimba a m'mbali mwa mtsinje afunsidwa? Ndipo kodi eni mathiriro a mtsinje, anansi athu a ku Mozambique, tagwirizana nawo pamapepala? Boti mukhoza kuligula chaka chimodzi. Doko mukhoza kulimanga zaka ziwiri. Koma njira ya pamadzi imasamalidwa tsiku ndi tsiku, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Ana asukulu, nayi ntchito yanu ya sabata ino. Tengani beseni la madzi ndi mbale yachitsulo. Yandamitsani mbaleyo, muziikamo timiyala kamodzikamodzi, mukuwerenga, mpaka imire. Kenako chepetsani madzi m'besenimo, atsale okwana chala chimodzi chopingasa, muyambirenso. Muone kuti mbale ikhudza pansi pa mwala wachingati. Mukakambirane ndi aphunzitsi anu chimene mwapeza.

Ndipo inu akuluakulu a ku Ntcheu, Balaka, Neno, Mwanza ndi madera onse amene mitsinje yake imathira mu Shire, dothi limene limakokoloka m'munda mwanu silisowa kopita. Limakatsamira pansi pa mtsinje, limakadzaza madamu a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo lotsala limakakwirira njira kuchigwa. Mtengo umene mwausiya m'mbali mwa khwawa, ndi mzere wa vetiva umene mwadzala m'munda wotsetsereka, ndiwo amasunga kuya kwa Shire. Tisamalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

   

(Nyimbo yotsekera.)